Mpheta zokodwa pakhola: zachilendo ndi ziti, zathu ndi ziti?

Mlimi wina woweta nkhuku wafunsa kuti: "Mpheta zikunditsirizira chakudya cha nkhuku, zikumanganso zisa kudenga la khola. Ndinatchera msampha, koma zokodwa sizifanana maonekedwe. Kodi zonsezi n'zowononga?"

Ayi, si zonse. Imene imakonda kumanga m'madenga a malata, m'zigayo ndi m'mashedi ndi ija pa Chingerezi amati house sparrow. Si ya kuno. Inafika ku Durban, ku South Africa, ndi anthu ochokera ku India, n'kumafalikira chakumpoto mpaka kulowa m'Malawi m'zaka za m'ma 1960. Zathu zofanana nayo ndi mpheta za mutu wotuwa, grey-headed sparrow, ndipo zimenezi muzizitaya ziziuluka.

Yambani mwayang'ana msana, chifukwa ndi umene umasiyanitsa mitundu iwiriyi. Mpheta yachilendo, yaimuna kapena yaikazi, ili ndi mizeremizere yakuda pamsana. Yathu ya mutu wotuwa msana wake ndi wofiirira, wopanda mzere, ndipo mutu wonse ndi wotuwa ngati phulusa, yaimuna ndi yaikazi chimodzimodzi. Yaimuna yachilendo siivuta: ili ndi banga lakuda kuyambira pakhosi kutsikira pachifuwa, masaya oyera, pamwamba pamutu potuwa, kuseri kwa maso kofiirira.

Povuta ndi pa yaikazi. Ilibe banga lakuda lija, ndi yotumbuluka thupi lonse, ili ndi kamzere koyererako kuseri kwa diso basi. Apa ndi pamene ambiri amaisokoneza ndi atchete aakazi, kapena ndi mpheta ina yathu ya m'nkhalango imene ili ndi mzere woyera waukulu pamwamba pa diso ndi kadontho kachikasu pakhosi. Kadonthoka kamabisika m'nthenga, choncho musakadalire. Onani kukula kwa mzerewo. Mukakayika, itayeni.

Funso lina ndi la ulimbo ndi mankhwala. Zonsezi musagwiritse ntchito. Ulimbo umagwira mbalame iliyonse n'kuiwononga nthenga, moti ngakhale mutaizindikira kuti ndi yathu siingaulukenso bwino. Chimanga chothira poizoni chimapha nkhuku zanu zomwe, amphaka ndi akadzidzi odya makoswe. Msampha woyenera ndi wa waya wogwira mbalame yamoyo. Mwazani madeya pamalopo masiku atatu kapena anayi msampha uli chotsegula, zizolowere, kenako mutchere. Uikeni pamthunzi, muikemo madzi, ndipo muziuona pa ola lililonse, chifukwa kambalame kotere padzuwa la Okutobala sikachedwa kufa. Potulutsa, khosi likhale pakati pa chala cholozera ndi chapakati, osafinya chifuwa. Mukatha sambani m'manja ndi sopo. Musanayambe kutchera zambiri, funsani ku ofesi ya Parks and Wildlife, poti mbalame zakutchire zili ndi malamulo ake.

Komabe msampha wokha suthetsa vutoli. Mpheta yachilendo imaswa kangapo pachaka, mazira amaswa pasanathe milungu iwiri, ndipo mukachotsa khumi zina zimabwera malinga ngati chakudya chili poyera. Tsekani mawindo a khola ndi waya wa mabowo a mamilimita 12, matani mipata ya pakati pa khoma ndi malata, ndipo sesani chakudya chotayikira madzulo aliwonse. Zisa zichotseni zikangoyamba kumangidwa, musanaikidwemo mazira, mutaonetsetsa kaye kuti mwini chisa ndi wa msana wa mizere uja.