Adyo pansi pa mano oyikirira? Mayi, dikirani kaye

Mayi wina wandilembera imelo. Bambo ake amavala mano oyikirira, kumwamba kwa mkamwa kwafiira ngati kwapsa, ndiye akufunsa ngati angawapake adyo wosinja, poti anawerenga kuti akatswiri anapeza kuti adyo amapha fangasi mu labotale. Mayi, mwandikhudza pachilonda, chifukwa mawu akuti "anayesa mu labotale" ndi amene anavulaza azakhali anga.

Azakhali ankagona ndi mano awo chifukwa cha manyazi. Sankafuna kuti adzukulu awaone ndi masaya olowa. Mkamwa mutayamba kufiira, wogulitsa zitsamba wina pamsika anawapatsa kabotolo ka mafuta onunkhira kwambiri, n'kulumbira kuti ndi oyesedwa. Iwo anapaka pa manowo, kuwavala, kugona nawo. Kutacha khungu la mkamwa linali litasupuka. Azakhali, okonda nsima ya kondowole, anabwerera ku phala lamadzimadzi, ndipo kutchalitchi anasiya kuyimba kwaya. Mpaka lero ndikaona timabotolo topanda dzina pamsika mtima umandiwira.

Wogulitsayo mwina sananame. N'kutheka mafutawo amaphadi Candida albicans, fangasi amene amamera pansi pa mano oyikirira n'kufiiritsa mkamwa. Komatu palafini nayenso akhoza kupha fangasi, ndipo palibe amene amatsukira mkamwa. Funso lachiwiri, lomwe ogulitsa salitchula, ndi lakuti: kodi maselo a mkamwa mwa munthu amapulumuka?

Pali njira yoyesera zimenezi, ndipo si yachilendo. Wasayansi Tim Mosmann anaifotokoza mu 1983, imatchedwa MTT. Amalera maselo amoyo m'timbale, nthawi zambiri maselo a mbewa otchedwa L929 kapena ochokera ku usinini wa munthu. Amathiramo madzi a chitsambacho, mwina okhathamira, mwina osungunula, n'kudikira, kawirikawiri maola 24. Kenako amathira mankhwala achikasu. Maselo amoyo amawasandutsa apepo, akufa sachita kanthu. Malamulo a padziko lonse oyesera zipangizo za kuchipatala, otchedwa ISO 10993-5, amati maselo otsala amoyo akachepera 70 pa 100 alionse, chinthucho chimawerengedwa kuti ndi chakupha maselo. Chitsamba chabwino ndi chimene mlingo wake wopha fangasi uli pansi kwambiri pa mlingo wopha maselo. Ngakhale chlorhexidine, mankhwala a kuchipatala otsukira mkamwa, amapha maselo m'mbale, n'chifukwa chake ali ndi mlingo wake ndi masiku ake.

Sindidana ndi zitsamba ayi. Ku Brazil, mu 2003, ofufuza anayesa mankhwala opaka ochokera ku makangaza pa anthu odwala matenda a fangasi pansi pa mano oyikirira, akuyerekeza ndi miconazole, mankhwala a kuchipatala opha fangasi. Kumeneko anayesanso madzi opangidwa kuchokera ku mafuta a nsatsi pofuna kunyikamo mano. Koma onani: kunyika mano m'kapu ndi kwina, kupaka pa mnofu n'kuphimba ndi pulasitiki usiku wonse ndi kwinanso. Ndipo nsatsi zosinja pakhomo musayerekeze n'komwe, njere zake zili ndi poizoni wotchedwa ricin. Chimene chimandipweteka n'chakuti nimu timamwa, timatsukira, timatafuna, koma amene akum'gulitsa m'mabotolo sangakuuzeni mlingo. Ndikukana kuti mkamwa mwa makolo athu mukhale poyesera. Adyo waiwisi ameneyo, madokotala analemba kangapo za anthu amene anapsa naye mkamwa pofuna kuletsa kupweteka kwa dzino.

Nanga bambowo muwatani?

Adyo ayi. Usiku avule manowo, awatsuke ndi kabulashi ndi sopo, osati madzi otentha chifukwa amapindika. Apite kwa dokotala wa mano akaone ngati manowo akukhala bwino, n'kuwapatsa mankhwala opha fangasi, nystatin kapena miconazole. Ngati amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, anene msanga, chifukwa miconazole akaphatikizana naye munthu angathe kutaya magazi. Muwayezetsenso shuga, popeza fangasiyu amakonda anthu a shuga wokwera. Za kunyika mano m'madzi a jiki, mlingo akuuzeni dokotalayo, ndipo ngati manowo ali ndi timawaya tachitsulo musawayikemo.