Chopondera cha mapisi: n'chifukwa chiyani tinsalu tikuzuka pa thumba?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba. Mchemwali wawo ndi telala, ndipo mwezi uliwonse amawapatsa mapisi odzaza jumbo. Anayesa kupanga chopondera pa thumba la feteleza monga anaonera kwa anzawo, koma pasanathe mwezi tinsalu tinayamba kuzuka, thumba linayamba kumasuka m'mphepete, ndipo chopondera chonse chinapindika ngati lichero. Funso lawo ndi lakuti: analakwitsa pati, kodi vuto ndi nsaluzo?

Zikomo mayi polemba. Nsalu zili nayo mbali yake, ndipo ndifikako, koma pa zimene mwafotokozazi vuto lalikulu lili pa thumba ndi pa kamangidwe. Ambiri timathamangira kusankha mitundu yokongola, thumba n'kungolidula ndi lumo basi. Chonsecho thumbalo ndiye limasenza ntchito yonse.

Thumba la feteleza kapena la chimanga la makilogalamu 50 ndi lolukidwa ndi timizere ta pulasitiki toterera. Mukalidula, palibe chogwira timizereto, ndiye timasololoka kamodzikamodzi mpaka kufika pamene munamanga nsalu. Choncho musanaikepo kansalu ngakhale kamodzi, lichapeni ndi sopo kuti feteleza achoke, makamaka ngati pakhomo pali mwana wokwawa. Likauma lidulani motsalira masentimita 6 mbali zonse kuposa msinkhu umene mukufuna. Dutsitsani m'mphepetemo pafupi ndi lawi la kandulo mofulumira kuti timizere tisungunuke pang'ono n'kugwirana, muchitire panja chifukwa utsi wake si wabwino. Kenako pindani kawiri ngati mpendero wa siketi, n'kusoka ndi singano yosokera matumba. Inu muli ndi mwayi, mchemwali wanu akhoza kungodutsitsapo makina kawiri, ntchito ya mphindi zochepa.

Ngati mungapeze chiguduli, monga zija amakutira mabelo a fodya, nsalu imagwira bwino kwambiri pamenepo chifukwa ulusi wake ndi wokhakhala. Koma chiguduli chimaola chikakhalitsa pachinyontho. Ine ndimachisungira cha kuchipinda, chija munthu amapondapo podzuka m'mawa wa Juni simenti itazizira. Cha pakhomo, chokumana ndi matope a dzinja, ndimapangira pa thumba la pulasitiki.

Tsopano kamangidwe. Ndikuganiza kuti munkangolowetsa kansalu pabowo lina n'kukatulutsira pa linzake osamanga. Pa chiguduli zimenezo zimatheka ngati mwathinitsa, koma pa pulasitiki nsalu imangoterereka. Pamafunika mfundo. Tengani sipoko ya njinga, muipinde kunsonga ngati mbedza, kogwirira mukulunge ndi mphira wa chubu kuti isakupwetekeni m'manja. Lowetsani mbedzayo pansi pa timizere titatu kapena tinayi ta thumba, osati kamodzi, chifukwa kamodzi kamaduka. Pindani kansalu pakati, kolani popindapo ndi mbedza, kokani mpaka patuluke kadiso, ndipo nsonga ziwiri zija muzilowetse m'kadisomo n'kukoka, monga mmene khwekhwe amagwirira. Mfundo yotere ikamapondedwa ndi pamene imalimbirako.

Kupindika kuja kumachokera pano. Mukakoka mfundo ndi mphamvu zonse, imafinya timizere ta thumba, ndipo mfundo zikachuluka thumba lonse limakhwinyata. Kokani mpaka mfundo ikhazikike, osapitirira. Pakati pa mfundo ndi inzake, komanso pakati pa mzere ndi unzake, siyani mpata wa chala chimodzi, pafupifupi sentimita imodzi ndi theka. Mukamaliza mizere itatu kapena inayi, yalani pansi muone ngati chikugona bwino. Chikayamba kudzuka m'makona, masulani mzere womalizawo nthawi yomweyo, musayembekeze kuti chidzawongoka chokha. Azakhali anga amene anandiphunzitsa ntchitoyi ankandimasulitsa mizere yathunthu, ndipo chopondera chimene tinamaliza limodzi chinatha nsalu kupyapyala koma thumba lili chigonere.

Za nsalu. Dulani tinsalu ta masentimita 2 m'lifupi ndi 12 m'litali. Kuti musamayeze kalikonse, pezani kakatoni kolimba ka masentimita 6 m'lifupi, zungulizani mzere wautali wa nsalu pa kakatoniko, n'kudula ndi sizasi mbali imodzi. Tonse timatuluka tofanana. Konzekerani kudula tambiri ndithu. Chopondera cha masentimita 40 kwa 60, pa mpata ndanenawu, chimadya tinsalu toposa 1,000, ndiko kuti nsalu yoposa chitenje chathunthu. Jumbo limodzi mwina silikwana, ndiye ndi bwino kusonkhanitsa kaye musanayambe kuti mitundu isakuthereni pakati. Mapisi amachuluka kwa atelala pamene akusoka mayunifolomu sukulu zikamatsegulira mu Seputembala, pokonzekera Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, ndi nyengo ya Khirisimasi.

Si pisi iliyonse yoyenera. M'jumbo la telala mumakhala nsalu zonyezimira za madiresi a ukwati ndi zija zopyapyala zoika m'kati mwa jekete. Zimakopa maso, koma ndi zoterera, mfundo yake imamasuka, ndipo sizimwa madzi. Zipatuleni. Mapisi a chitenje ndi abwino, kungoti amayoyoka ulusi masiku oyamba. Mukawadula mopendekeka, mocheka ulusi chammbali, kuyoyokako kumachepa. Nsalu imene ndimaikonda kuposa zonse ndi ya matisheti akale a thonje, ngakhale aja otsalira pa kaunjika amene palibe akuwafuna. Siyoyoka, imadzipinda yokha m'mphepete, imamwa madzi, ndipo mfundo yake imagwira zolimba. Jinzi imakhalitsa koma imalemetsa zala, ndiye muidule mocheperako m'lifupi. Nsalu zofiira ndi zabuluu wakuda muziviike kaye padera m'beseni muone ngati zikusuluka, kuti zisadzadetse zoyera tsiku loyamba kuchapa.

Pa mitundu sindikuuzani zambiri, maso ndi anu. Langizo langa ndi limodzi: mizere iwiri kapena itatu ya m'mphepete ikhale ya mtundu umodzi wakuda. M'kati mukhoza kusakaniza mmene mungafunire, mpenderowo umapangitsa chonse kuoneka chokonzedwa, komanso ndi umene umayamba kulandira fumbi.

Pali china chimene simunafunse koma ndichinene, chifukwa chimandidetsa nkhawa. Thumba la pulasitiki limaterereka pa simenti yopolishidwa ndi pa matailosi. Ngati m'nyumba muli agogo kapena mayi woyembekezera, chopondera chotere chikhoza kuwagwetsa. Dulani zigamba zinayi za chubu chakale cha njinga kapena cha galimoto, muzisokerere kunsi m'makona onse. Musachiyalenso pafupi ndi mbaula, chifukwa khala limodzi likagwerapo pulasitikiyo imasungunuka ndipo nsalu zikhoza kuyaka.

Posamala, chikung'untheni panja kawirikawiri, ndipo chikada muchiviike m'madzi a sopo, muchipondeponde m'beseni m'malo mochikwecha pamwala. Poyanika, nsalu ziyang'ane kumwamba, thumba likhale kunsi, chifukwa dzuwa ndi limene limafumbutsa matumba a pulasitiki, monga mumaonera thumba losiyidwa pabwalo mmene limasandukira ufa.

Chija chinapindika kale musachitaye. Masulani tinsalu tonse, tabwino muike padera, toterera mutaye kapena muike m'pilo. Pezani thumba lina, mulitengere kwa mchemwali wanu alipinde m'mphepete, ndipo muyambe ndi kakang'ono ka masentimita 30 kwa 40 kuti dzanja lizolowere kukoka mfundo mofanana. Mukamaliza mizere isanu yoyamba, nditumizireni chithunzi cha kunsi kwake, chifukwa kunsiko ndi kumene ndingaone ngati mpata uli bwino.