Yambani ndi Godot

Achimwene, mwafunsa ngati mutenge injini (pulogalamu yopangira magemu) yaulere kapena yamalonda popanga magemu ongodzisangalatsa. Ine ndikuti yambani ndi Godot. Ndi yaulere kotheratu, palibe amene adzakufunseni gawo la phindu lanu, ndipo imayenda ngakhale pa laputopu yakale. Chilankhulo chake cholembera mapulogalamu, GDScript, chimafanana ndi china chotchuka chotchedwa Python. Kamunthu kanga koyamba kanadumpha pa sikirini usiku womwe ndinayamba, mtima wanga unangoti myaa.

Pa mainjini amalonda, Unity ili ndi maphunziro ambiri pa YouTube, koma mu 2023 eni ake analengeza malipiro atsopano mwadzidzidzi, n'kudzawachotsa mu 2024. Ina yamalonda, Unreal, imadula 5 peresenti gemu ikabweretsa ndalama zoposa madola 1 miliyoni, zomwe sizikukukhudzani panopa. Vuto lake n'lakuti imafuna kompyuta yamphamvu. Itengeni pokhapokha mukufuna 3D yooneka ngati zenizeni.