Injini ikulira mukagwira kiyi koma ikuzima mukaisiya: yankho kwa bambo wa ku Chibavi

Bambo wina wa ku Chibavi kuno ku Mzuzu wandilembera pa imelo za Toyota Corolla yawo yakale ya injini ya 4K, yomwe imagwiritsabe ntchito mapointi ndi kondensa (mapointi ndi tizitsulo ta mu disitiribyuta, chida chogawira moto ku mapulagi, tomwe timatseguka ndi kutsekeka podula moto wa koyilo, ndipo kondensa imawateteza kuti asapse). Akuti akapotokola kiyi mpaka pa sitata injini imagwira bwinobwino, koma akangoisiya kiyiyo kuti ibwerere, injini imazima nthawi yomweyo. Anagula kale mapulagi ndi koyilo yatsopano (chida chokweza mphamvu ya batire kuti mapulagi athethetse moto) osaona kusintha, kenako makaniko wina anawakokera waya kuchokera pa batire mpaka pa koyilo. Galimoto inayenda, koma pofuna kuizimitsa ankachita kuzula wayayo, ndipo pasanapite nthawi mapointi anapsa. Akufunsa kuti agulenso chiyani.

Bambo, musagule kanthu kaye, chifukwa galimoto yanu yakuuzani kale komwe kuli vuto. Injini yomwe ikutha kulira sitata ikamazungulira ili ndi koyilo, mapulagi ndi mafuta zokwanira kuiliza, choncho ndalama zomwe munalowetsa kumeneko sizikanathetsa nkhaniyi.

Pa galimoto zambiri za nthawi imeneyo, moto umafika pa mbali ya + ya koyilo kudzera njira ziwiri. Kiyi ikakhala pa ON, moto umachoka ku switchi n'kudutsa pa ballast resistor, kachitsulo kokutidwa ndi dothi loyera louma komwe nthawi zambiri kamamangidwa pambali pa koyilo, ndipo ntchito yake ndi kutsitsa mphamvu kuti koyilo ilandire mavolti apakati pa 7 ndi 9 m'malo mwa 12. Koma pa nthawi yoliza, sitata imakoka moto wambiri moti mphamvu ya batire imagwa, n'chifukwa chake opanga anaika waya wachiwiri wolambalala resistor uja, womwe umapereka moto wonse ku koyilo pokhapokha kiyi ili pa START. Kwa inu, njira yachiwiriyi ili bwino ndipo yoyamba ndi yomwe yaduka. Mukasiya kiyi, waya wolambalala uja amaleka kupereka moto, ndipo palibe njira ina yofikitsa moto ku koyilo.

Chida chofunika kwambiri pano ndi babu la mavolti 12 lokhala ndi mawaya awiri. Waya umodzi ugwire pachitsulo choyera cha injini, winawo muzifufuzira. Ikani giya pa nyutulo, kiyi pa ON, ndipo gusani mbali yomwe moto umalowera mu resistor. Babu likayaka pamenepo koma osayaka mbali yotulukira, resistor yapsa, ndipo ndi chokhacho chofunika kugula. Likayaka mbali zonse ziwiri koma osayaka pa + ya koyilo, waya wapakati pake waduka kapena chitsulo cha kumapeto kwake chadyeka ndi dzimbiri. Likapanda kuyaka ndi polowera pomwe, vuto lili kumbuyo, ku switchi ya kiyi kapena pa polumikizira mawaya pansi pa chiwongolero. Switchi yakale imatha mkati, makamaka ngati yakhala zaka zambiri ikulemedwa ndi mtolo wa makiyi a nyumba ndi a shopu, ndipo mudzaizindikira mukaona babu likuyaka ndi kuzima pamene mukugwedeza kiyi pang'ono.

Ngati muli ndi mita yoyezera magetsi, pali chinthu chimodzi chomwe chimapusitsa anthu ambiri, ndi amakaniko omwe. Mapointi akakhala otseguka, palibe moto womwe ukuyenda, choncho mita imaonetsa pafupifupi mavolti 12 pa koyilo ngakhale waya atatsala ndi kachingwe kamodzi kokha kogwira. Chotsani kapu ya disitiribyuta, zunguzani injini mpaka mapointi atsekeke, kenako yezani. Apo m'pamene waya wodwala amaonekera, chifukwa mphamvu imagwa kwambiri. Muyeze mwachangu, popeza kiyi ikakhalitsa pa ON mapointi ali otseka, koyilo imatentha, ndipo resistor nayo imaotcha chala.

Kupsa kwa mapointi anu sikunachitike mwangozi. Koyilo yopangidwa kuti iziyenda ndi resistor imakhala ndi ma ohm (muyezo wa mmene chinthu chimatchingira moto) pafupifupi 1.5 mukayeza pakati pa + ndi –, pamene yosafuna resistor imakhala ndi ma ohm pafupifupi 3. Waya wa makaniko uja anapereka moto wonse ku koyilo, womwe umafika mavolti 14 injini ikamatchaja batire, ndipo ngati koyilo yanu ndi ya mtundu woyambawo, moto wodutsa pa mapointi unatsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Yezani koyilo yatsopanoyo musanaibwezere, chifukwa ogulitsa sipeya nthawi zina amangopereka yomwe ili pafupi malinga palembedwa 12V. Koyilo ya ma ohm 3 ikaikidwa pambuyo pa resistor imatulutsa moto wofooka, ndipo galimoto imavuta kulira m'mawa wozizira wa mwezi wa Juni.

Mukakonza njira ya moto, ikani mapointi atsopano pamodzi ndi kondensa yake, mpata wa mapointi ukhale mamilimita 0.45 monga zimafunikira pa 4K. Kenako gusani babu pa mbali ya – ya koyilo wina akutchaya sitata. Liyenera kuphethira. Likangoyaka osaphethira, mapointi sakutseka bwino, ndi akuda, kapena waya wopita ku disitiribyuta waduka. Likapanda kuyaka n'komwe, wayayo akugunda chitsulo penapake, kondensa yafa, kapena mapointi sakutseguka. Ngati munazula mawaya a mapulagi, abwezereni motsatira dongosolo la 1-3-4-2, ndipo musagwire waya wa pulagi ndi dzanja poyesa moto, chifukwa nyesi yake ndi ya mavolti zikwizikwi.

Nyengo ya kuno nayo ili ndi mbali yake. Mvula ya ku Mzuzu imachedwa kusiya, ndipo chifunga ndi mame zimalowa paliponse pomwe waya wakale wasweka khungu. Dzimbiri lobiriwira pa zolumikizira ndi lomwe limadula njira ya moto mwakachetechete, choncho palani chilichonse mpaka chiwale, mangani molimba, ndipo pewani kungopota mawaya ndi manja n'kukulunga tepi. Onaninso mkati mwa kapu ya disitiribyuta ngati muli chinyezi kapena timizere takuda tonga ta pensulo, chifukwa kapu yotere imataya moto ndipo iyenera kusinthidwa.

Waya wochokera pa batire uja muchotseretu. Alibe fyuzi, choncho akakhudza chitsulo amayaka pafupi ndi kabureta pomwe pali petulo, komanso galimoto yosazima ndi kiyi ndi yoopsa pa msewu wotsetsereka ngati wopita ku Nkhata Bay. Ngati tsiku lina switchi itakufereni pakati pa Chikangawa usiku ndipo mwakakamizika kukoka waya wotere kuti mukafike kunyumba, mulumikize polowera pa resistor osati pa koyilo penipeni, ndipo mukangofika muuzule musanatseke boneti.