Kodi Kusabwezera Ndi Mantha?

Mayi wina wandilembera pa imelo kufunsa ngati lamulo la Yesu lotembenuza tsaya lina likutanthauza kuti munthu wopemphera azingokhala chete pamene abwana akumupondereza kuntchito. Mayi, funso lanu landifika pamtima, chifukwa inenso ndinalimbana nalo kwa nthawi yaitali.

Kale ndinkagwira ntchito pamalo ena pomwe anzathu anachotsedwa chifukwa chofunsa za malipiro awo. Tinagwirizana zonyanyala ntchito, ndipo tinakakhala pansi pachipata. Dzuwa litakwera mitima inayamba kutentha, achinyamata ena n'kuyamba kutola miyala, maso ali pa galimoto ya abwana. Pakati pathu panali mayi wachikulire wosesa m'maofesi. Anaimirira, natenga chigubu cha madzi omwe tinkamwa, n'kupita nacho kwa alonda amene anatumidwa kudzatibalalitsa. Mlonda wina poyamba anakana, kenako analandira kapu dzanja likunjenjemera, osatiyang'ana kumaso. Mayiwo anabwerera pamalo pawo, anakhalanso pansi, ndipo sanasunthe mpaka madzulo ngakhale anaopsezedwa kuti nawonso achotsedwa. Achinyamata aja anataya miyala mmodzimmodzi popanda wowauza.

Mayi amenewo sanagonjere abwana ngakhale pang'ono, komanso sanalole kuti mlonda wosauka ngati ife asanduke mdani wawo. Ine ndimakhulupirira kuti maziko auzimu a kulimbana kopanda chiwawa ali pomwepa: kukanitsitsa kugwirizana ndi choipa, uku ukukumbukira kuti wochita choipayo ndi munthu amene Mulungu sanamutaye, ndiponso kulolera kuti zowawa za nkhondoyo zigwere iwe m'malo mozigwetsera wina.

Anthu ambiri amaganiza kuti njirayi ndi machenjera chabe a anthu opanda mfuti. Mbiri ya Mahatma Gandhi, Mhindu amene anatsogolera kumenyera ufulu wa India, ikutsutsa maganizo amenewa. M'mwezi wa February 1922, pamene zionetsero zokana ulamuliro wa Britain zinali zitafalikira ku India konse, khamu la anthu ku Chauri Chaura linatentha polisi n'kupha apolisi oposa 20. Gandhi anaimitsa zionetserozo m'dziko lonse ndipo anasala kudya masiku asanu, ngakhale atsogoleri anzake monga Jawaharlal Nehru anakhumudwa kwambiri. Munthu wongofuna kupambana sakanatero. Iye ankaona kuti ufulu wopezeka ndi mtima wakupha udzabala ulamuliro wakuphanso, choncho moyo wa apolisi a adani ake unali wamtengo wapatali kwa iye kuposa kufulumira kwa ufulu.

Martin Luther King Jr., m'busa womenyera ufulu wa anthu akuda ku America, anayesedwa pakhomo pake penipeni. Pa 30 January 1956, anthu akuda a mumzinda wa Montgomery akunyanyala mabasi chifukwa cha tsankho, nyumba yake inaponyeredwa bomba mkazi wake ndi khanda lawo ali m'katimo. Kunasonkhana khamu lokwiya, ena atanyamula zida. Iye anaima pakhonde n'kuwauza kuti abweze zidazo kunyumba ndipo akonde adani awo, koma sanawauze kuti abwerere m'mabasi. Kunyanyalako kunatenga masiku 381.

Apa ndilankhule mosapita m'mbali. Mlaliki amene amauza woponderezedwa kuti angopirira mwakachetechete, osadzudzula wopondereza, akugwiritsa ntchito mawu a Mulungu poteteza tchimo. Yesu mwiniwake, atamenyedwa mbama pamaso pa mkulu wa ansembe, sanabwezere, koma sanatsekenso pakamwa. Anafunsa womenyayo chifukwa chimene anamumenyera ngati sanalankhule choipa. Kukhala chete chifukwa cha mantha n'kumanena kuti ndi kudzichepetsa, ndi kudzinamiza, ndipo Gandhi yemweyo ankaphunzitsa kuti mantha ndi oipa kuposa chiwawa.

Musaganizenso kuti mfundoyi ndi ya Akhristu ndi Ahindu okha. Abdul Ghaffar Khan, Msilamu wa mtundu wa Pashtun, anakhazikitsa gulu la Khudai Khidmatgar (Atumiki a Mulungu) lokana ulamuliro wa Britain mu 1929, ndipo mamembala ake ankalumbira pamaso pa Mulungu kuti sadzabwezera. Ku Peshawar (mzinda umene lero uli ku Pakistan) mu April 1930 asilikali a boma la Britain anawombera anthu opanda zida amene anaima osathawa, mpaka asilikali ena ochokera kudera la Garhwal ku India anakana lamulo lowombera. Chikumbumtima cha wonyamula mfuti chinadzuka poona anthu ofera chilungamo osamutukwana.

Chochita inuyo

Mtima wotere suchitika mwangozi pa tsiku la chipwirikiti. Ku Nashville, ku America, mu 1959, m'busa James Lawson ankaphunzitsa ophunzira a m'makoleji poyeserera kuwatukwana ndi kuwakankha pamipando, kuti tsiku lenileni la zionetsero zokana tsankho likadzafika manja awo asadzawatsogolere. Inunso muyambire pamenepo. Muziwapempherera abwana anuwo powatchula dzina mpaka mutasiya kuwafunira zoipa. Lembani zimene zikuchitika, masiku ake ndi mboni zake, osawonjezera kanthu. Kawauzeni pamaso, mwaulemu, muli ndi anzanu. Akakana kumva, katuleni nkhaniyo kwa oyang'anira malamulo a ntchito, ndipo mukane poyera chilichonse chachinyengo chimene angakutumeni. N'zotheka kuti ntchito ingakuthereni, choncho kambiranani ndi a m'banja mwanu musanayambe.