Yankho kwa achimwene a ku Chilomoni pa za CARLA ndi Docker

Achimwene, mwati ScenarioRunner, pulogalamu yoyendetsa ma scenario (zochitika za pamsewu zoyeserera), mwaiika mu Docker, chida choyendetsera mapulogalamu m'timabokosi tapatokha totchedwa container, koma ikungolemba time-out, ikukanika kulankhula ndi CARLA, pulogalamu yoyesera magalimoto odziyendetsa okha pa kompyuta. Ena pamwambapa akuti mufufute zonse muyambirenso. Chonde musatero, mungotha bandulo pachabe.

Vuto lanu ndikuliona. Mukakhala mkati mwa container, localhost (dzina lomwe makina amadzitchulira okha) ndi container yomweyo, si kompyuta yanu ayi. Ndiye ScenarioRunner ikugogoda pakhomo pake pomwe, pamene CARLA ali kwina akudikira pa port 2000 ndi 2001. Yatsani zonse ziwiri ndi --network host, apo ayi muiuze ScenarioRunner komwe kuli seva ya CARLA pogwiritsa ntchito --host. Komanso CARLA amachedwa kudzuka, mupatseni kanthawi musanayatse ScenarioRunner.

Koma chimene ndikufuna mumvetsetse ndi ma version. Musakoke image (phukusi lomwe container imapangidwirako) yolembedwa latest, ngakhale wina akunyengerereni bwanji. Ngati seva ndi carlasim/carla:0.9.15, ScenarioRunner ikhalenso ya 0.9.15, library ya Python nayo pip install carla==0.9.15. Zitatu zonsezo zifanane ndendende. Ndinathandizapo ana asukulu ena ku Chichiri omwe pulojekiti yawo inaima sabata yoti apereke, chifukwa mnzawo anawapatsa seva ya version ina pa flash. Chowawa chake n'choti zinthu zimaoneka ngati zayaka bwinobwino, kachenjezo ka version kamangodutsa pa terminal, kenako scenario n'kufa panjira. Anawo anafika poganiza kuti ma file awo a .xosc, momwe amalembamo ma scenario, ndi olakwika, n'kumakonza zinthu zabwinobwino mpaka usiku. Zinandimvetsa chisoni kwambiri.

Mukadutsa pamenepo mwina muona "No module named agents". Foda ya agents sibwera ndi pip, ili mu foda ya PythonAPI/carla ya CARLA. Ikopereni mu image yanu, muilozere pa PYTHONPATH (mndandanda wa mafoda omwe Python imasakamo). Poyesa, yambani ndi FollowLeadingVehicle_1, scenario yachitsanzo yobwera ndi ScenarioRunner, zanuzanu zibwere pambuyo.

Za makina ndikuchenjezeni. CARLA wa 0.9 anamangidwa pa Unreal Engine 4, amafuna GPU (khadi la zithunzi) ya 6 GB kupita m'mwamba, ya 8 GB ndiye yabwino. Mu Docker pamafunikanso NVIDIA Container Toolkit ndi --gpus all. Laputopu za kaunjika zomwe timagula ku Limbe zambiri zilibe zimenezo, ndiye musanalipire onani khadi ndi maso anu, musangokhulupirira wogulitsa. Kubwereka GPU pa intaneti kumakhala cha m'ma theka la dola mpaka dola imodzi pa ola, koma ndi mavuto a forex alipowa kulipira kwake n'kovuta, ndipo mukaiwala kuzimitsa ndalama imangowerengedwabe.

Image ya sevayo ndi yaikulu zedi, pa disk siyani malo osachepera 20 GB. Magetsi akathima mukukoka, layer (chigawo cha image) yomwe inali pakati imayambiranso. Munthu mmodzi akoke pomwe pali Wi-Fi yodalirika, apange docker save, enanu docker load kuchokera pa hard drive.

China, m'mapu a CARLA ngati Town01 magalimoto amayenda kumanja, ife kuno timayenda kumanzere. Ngati mukufuna kuyerekeza Masauko Chipembere Highway, muganizire zimenezo musanalembe ma scenario ambiri.

Tumizani pano docker run yanu yonse pamodzi ndi mizere yomaliza ya pa terminal, ndiziona madzulo ano ndikaweruka.