Makatoni atatu a zithunzi: pulogalamu yabwino ndi iti, nanga imeneyi ndi ntchito yodyera?

Kalata ya sabata ino alemba anthu awiri. Mtsikana wina amene akuphunzira za malaibulale ndi kasungidwe ka zikalata akuti ali pa atachimenti pa mishoni ina yakale. Kumeneko amupatsa makatoni atatu a zithunzi zakale, kuphatikizapo zina za pafoni zimene zangomwazikana m'makompyuta a muofesi, ndipo amuuza kuti alembe lipoti lonena pulogalamu yoti azisungiramo ndi kuzilemba m'kaundula. Wafufuza pa intaneti, wapeza mapulogalamu ankhaninkhani, mutu waima. M'munsi mwake bambo ake aikapo awo mawu: "Fizi yonse ndalipirayi n'kuti mwana azikasanja zithunzi? Imeneyi ndi ntchito yodyera?"

Ndiyamba ndi iwe mwanawe, bambo adikire pang'ono.

Tseka kaye intaneti ubwerere ku makatoni aja. Sankhamo zithunzi 50, osati zokongola koma zovuta: chopanda tsiku, cha gulu la anthu ambiri, chong'ambika, chimene kumbuyo kwake analembako ndi pensulo mawu osawerengeka bwino. Zimenezi ndiye mayeso ako. Pulogalamu iliyonse imene ukuiganizira uilowetsemo zithunzi zomwezi, uone pamene ikutsimphina. Zimene amaonetsa pa masamba otsatsa malonda usazikhulupirire msanga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Vuto loyamba ulipeza pa mayina a malo. Kumbuyo kwa chithunzi kulembedwa Fort Johnston, koma wofufuza wa lero alemba Mangochi. Port Herald ndi Nsanje, Fort Hill ndi Chitipa, Cholo ndi Thyolo, Kota Kota ndi Nkhotakota. Pulogalamu yabwino imakulola kusunga mawu a kumbuyo aja monga momwe analembedwera, n'kukhalanso ndi mndandanda umodzi wa mayina ovomerezeka woti aliyense wolemba azisankhapo, osati wina Mlanje wina Mulanje. Yesanso chilembo cha ŵ. Lemba Malaŵi pa chithunzi chimodzi, kenako ufufuze Malawi, uone ngati chituluke. Ndi kanthu kakang'ono, koma chithunzi chimene sichituluka pofufuza chili ngati chinatayika.

Vuto lachiwiri ndi limene limasiyanitsa wophunzira ntchitoyi ndi wongosunga mafayilo. Tiyerekeze kuti uli ndi chithunzi cha tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogoleredwa ndi David Clement Scott. Chithunzicho anajambula munthu wina patapita zaka zambiri. Pamene alemba kuti "wopanga" uikapo ndani, Scott kapena wojambula? Pa "tsiku" ulemba 1891 kapena chaka chimene kamera inalira? Zinthu zili ziwiri apa, nyumbayo ndi chithunzi chake, ndipo chilichonse chili ndi mwini wake ndi tsiku lake. Muyezo (ndondomeko yolembera kaundula) wotchedwa VRA Core, wa bungwe la Visual Resources Association, unakonzedwa kuti uzilekanitsa ziwirizi. Muyezo wina wofala kwambiri ndi Dublin Core, umene unayambira pa msonkhano wa mu 1995 ku Dublin wa ku Ohio, ku America. Uli ndi zigawo 15 zokha, monga mutu, wopanga, tsiku, malo ndi umwini, ndipo ndi wosavuta kuphunzitsa anzako. Ngati zithunzi zambiri ndi za anthu ndi zochitika, monga ubatizo, maukwati ndi ana asukulu, Dublin Core ikukwanira. Ngati zambiri ndi za nyumba, ziboliboli ndi zosemasema, pulogalamu yosatha kulekanitsa chinthu ndi chithunzi chake idzakusowetsa mtendere.

Tsopano funso limene kwa ine limaposa onse, ndipo ndikufuna likhale pa tsamba loyamba la lipoti lako: tsiku limene tidzafune kuisiya pulogalamuyi, ntchito yathu tidzatuluka nayo? Mapulogalamu amafa. Picasa inali yotchuka kwabasi, koma Google inasiya kuisamalira mu 2016. Zithunzi za m'makatonizo zakhala zaka zoposa za pulogalamu iliyonse imene ukuiyesa lero. Choncho ukamaliza kulowetsa zithunzi 50 zija, yesa kuzitulutsa. Zonse unalemba zituluke mu fayilo ya CSV yotsegulika mu Excel kapena LibreOffice, mzere uliwonse ukhale ndi dzina la fayilo ya chithunzi chake. Onanso ngati pulogalamuyo imatha kulemba mawuwo m'kati mwa chithunzi chenichenicho, mwa njira ya IPTC kapena XMP, kuti chithunzi chikapita kwina mbiri yake izipita nacho. Ikalephera pamenepa, ichotse pa mndandanda, kaya ikongole bwanji.

Mayina oti uyambirepo ndi awa. Tropy ndi digiKam ndi zaulere ndipo zimagwira pa kompyuta imodzi popanda netiweki. DigiKam imalemba bwino metadata, kutanthauza mawu ofotokoza chithunzi aja, m'kati mwa mafayilo. Omeka, imene inatuluka mu 2008 ku George Mason University, imayendera Dublin Core ndipo mphamvu yake ndi kuonetsa zithunzi kwa anthu pa intaneti. ResourceSpace anaipangira Oxfam poyamba, ndipo imathandiza pamene anthu ambiri akugawana zithunzi tsiku ndi tsiku. AtoM ndi ya osunga zikalata, amene amafuna kuti zinthu zikhale m'magulu monga momwe mwini wake anazisiyira. CollectiveAccess ndi yamphamvu koma imafuna katswiri woikhazikitsa. Zinayi zomalizazi zimafuna seva, kompyuta yosungira zinthu imene makompyuta ena amalumikizako. Ndiye mawu oti "yaulere" asakupusitse: wolipira seva ndani, ndipo ikadzavuta iwe utabwerera kusukulu adzaikonza ndani? Zolipira mwezi ndi mwezi m'madola nazo uziwerengetsere mofatsa. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo aliyense wolipira m'madola anaumva ululu wake. Funsanso kuti magetsi akathima kapena bandulo ikatha, ntchito iima kapena ipitirira.

Pali china chimene mabuku a kunja sangakuuze mokwanira. M'makatoni a mishoni mumapezeka zithunzi za chinamwali, za kudambwe, za odwala m'chipatala, za maliro. Si zonse zoyenera maso a aliyense. Yesa ngati pulogalamuyo ingabise chithunzi china kwa anthu wamba pamene kaundula wake akusungidwabe, ndipo ukhale ndi malo olembapo amene anapereka chilolezo.

Ukandifunsa maganizo anga, pa malo aang'ono ngati amenewo ndingayambe ndi sipuredishiti ya zigawo za Dublin Core, nambala yosasintha pa chithunzi chilichonse, ndi digiKam kapena Tropy. Omeka idzabwere akadzakonzeka kuonetsa zithunzi kwa anthu. Pojambula zithunzizo ndi makina a sikana, sunga fayilo ya TIFF yosakhudzidwa, JPEG ikhale yogwiritsa ntchito. Ndipo ulembe momveka kuti pulogalamu si chitetezo. Laibulale ya Mzuzu University inapsa mu Disembala 2015 ndipo mabuku ochuluka zedi anathera pomwepo. Makope akhale atatu, limodzi lizisungidwa m'nyumba ina.

Tsopano inu bambo. Funso lanu ndi la kholo losamala, ndipo sindikupakani mafuta pakamwa. Ntchito yolembedwa pa chitseko kuti "wosunga zithunzi" ndi yosowa kwathu kuno. Koma taonani zimene mwana wanu akuchita: akuyesa mapulogalamu, akuwerengetsa ndalama, akukonza kaundula woti anthu ena adzatsate, akulangiza akuluakulu mwa kulemba. Luso limenelo ndi lomwe limafunika ku National Archives ku Zomba, ku Chichiri Museum, ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House, m'mayunivesite, m'nyumba zofalitsa nkhani, ndi m'mabungwe amene ali ndi zithunzi ndi mafayilo a zaka zambiri osadziwa popezera. Palinso thandizo la kunja: British Library, kudzera mu Endangered Archives Programme imene inayamba mu 2004, imapereka ndalama zopulumutsira zikalata ndi zithunzi zimene zili pangozi, ndipo yathandizapo ntchito za ku Malawi. Ntchito zotere zimafuna munthu amene anagwirapo kale katoni yeniyeni. Mulimbikitseni kuti pochoka atenge kope la lipoti lake, chitsanzo cha zithunzi 50 zolembedwa bwino ngati eni ake alola, ndi kalata ya umboni. Pa intavyu zimenezi zidzamulankhulira.

Ndili ndi pempho limodzi kwa inu. Nkhope zambiri za m'zithunzizo palibe kompyuta imene ingazitchule dzina. Amene angazizindikire ndi agogo a pafupi ndi mishoniyo, aphunzitsi opuma, akatekisiti okalamba, amayi a mvano amene anaimba nawo pa tsikulo, ndipo chaka chilichonse akucheperachepera. Ngati mwana wanu apempha ya minibasi kapena ya kabaza kuti akakhale nawo pakhonde Loweruka ali ndi makope a zithunzi ndi kope lolembamo, mupatseni, ndipo ngati mungathe mumuperekeze ulendo woyamba, pakuti akuluakulu amamasuka msanga akaona kuti mwana wabwera ndi kholo lake.